Mafunso ndi Mayankho: Mwana akagwidwa ndi apolisi, kodi kupatutsa mlandu n'kumulekerera?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo akukhudza ana amene agwidwa pa mlandu. Amene ayankha ndi anthu ogwira ntchito za malamulo ndi za chisamaliro cha ana. Mayina a olemba tawabisa, chifukwa lamulo silola kuulula mwana amene ali pa mlandu.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 14 anamugwira ataba foni pa msika. Foniyo inapezeka m'thumba mwake. Ku polisi andiuza kuti mwina mlanduwu aupatutsa, sufika pozengedwa. Sindinamve bwino, ndipo ndinaopa kufunsa. Kodi chimenechi n'chiyani? (Mayi wa ku Limbuli)

YANKHO: Mayi, musaope kufunsa. Wapolisi ndi woimira boma pa mlandu ali ndi udindo wokufotokozerani mpaka mumve, chifukwa njira imeneyi siyenda inu ndi mwanayo musanavomereze.

Kupatutsa mlandu, kumene ku khoti amati diversion, kuli m'lamulo la chaka cha 2010 lonena za kusamalira, kuteteza ndi kuweruza ana. Mwana wolakwa sazengedwa mlandu, koma amapatsidwa zinthu zoti achite pa nthawi yoikika, monga kupepesa, kubweza chimene anatenga, kupita kusukulu osajomba, kukalandira uphungu, kapena kugwira ntchito yothandiza m'dera. Akazikwaniritsa, nkhani imathera pomwepo. Popeza mlandu sunazengedwe, palibe chigamulo chimene chidzamutsate akadzakula n'kumafuna ntchito.

Si mlandu uliwonse umene ungapatutsidwe. Payenera kukhala umboni wokwanira woti boma likanatha kumuzenga nawo. Mwanayo ayenera kuvomera yekha kuti anachitadi, popanda kumuopseza kapena kumunyengerera, ndipo akhale atauzidwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Inu kapena wachibale wamkulu mufotokozeredwe njira zimene zilipo, muvomereze. Komanso mlanduwo usakhale wa m'gulu la milandu ikuluikulu monga kupha, kugwirira kapena kuba moopseza ndi zida. Kuba foni imene yapezekanso kuli m'gulu la milandu imene kawirikawiri imapatutsidwa, makamaka ngati ndi koyamba.

Pa nkhani ya kuvomerayi m'pamene makolo ambiri amalakwitsa. Atatopa ndi kuyenda, transipoti yawathera, amamuuza mwana kuti angovomera azipita kunyumba. Ngati mwana sanachite, musamuvomeretse. Mwana wovomera mlandu wa mnzake amasunga mkwiyo, ndipo wolakwa weniweni amaphunzira kuti kuba kulibe chilango. Wanu foni inapezeka m'thumba mwake, komabe khalani naye pansi awiriwiri akuuzeni mmene inafikira m'menemo. Ana ambiri a pa msika amasungitsidwa katundu ndi anyamata akuluakulu, ndipo ofisala woyendetsa nkhaniyi ayenera kudziwa zimenezo.

Ndondomeko yake ili motere. Pa mlandu waung'ono apolisi angathe kumuchenjeza mwana n'kumupereka m'manja mwanu pomwepo. Akapanda kutero, mwanayo ayenera kuonekera kwa majisitireti pasanathe maola 48 chimugwirireni. Kukumana koyambako sikuzenga mlandu ayi. Majisitireti amafuna kudziwa zaka za mwana, mmene amakhalira, ndi ngati nkhaniyo ingathe popanda kuzenga. Amadalira kwambiri lipoti la ofisala wa probation, wa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma, amene amacheza ndi mwana, makolo, nthawi zina ndi aphunzitsi ndi amfumu. Muuzeni ofisalayo zoona zokhazokha. Ngati mwana anasiya sukulu, nenani. Ngati bambo ake anapita ku Joni kapena ku Milange ndipo satumiza kanthu, nenani. Lipoti lomangidwa pa bodza limabala dongosolo losagwira. Ndipo dziwani kuti belo ya ku polisi ndi yaulere.

FUNSO: Ndili ndi golosale ku Luchenza. Mnyamata wa zaka 15 anandibera shuga, sopo ndi ndalama za m'kabati. Patangopita masiku awiri ndinamuona akuyenda mumsewu. Akuti amupatutsa. Nanga ine woberedwa ndili pati? Kodi uku si kulimbikitsa umbava? (Wamalonda, Luchenza)

YANKHO: Bambo, kudandaula kwanu n'komveka, ndipo ngati palibe amene anabwera kudzakufunsani maganizo, ntchitoyo yagwiridwa mwatheka. Kupatutsa mlandu kochita bwino kumayambira pa munthu wolakwiridwa.

Pitani kwa wapolisi amene akuyendetsa nkhaniyi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, mufunse zinthu zitatu: mwanayo walamulidwa kuchita chiyani, mpaka liti, ndipo akumuyang'anira ndani. Tengani pepala lolemba katundu yense amene anatayika ndi mitengo yake ya tsiku limenelo. Musawonjezere. Woberedwa akakweza mtengo, banja la mwana limaona ngati akulidyera masuku pamutu, kukambirana kumafa, ndipo iye sapeza ngakhale tambala.

Mungapemphe kukumana ndi mwanayo pamaso pa mkhalapakati, makolo ake alipo. Pamenepo mumamuuza ndi pakamwa panu chimene kubako kunakuchitani: kuti ndalamazo zinali za oda, kuti mwina munakongola kuti mudzazenso shelefu. Kwa mwana wa zaka 15, kuyang'anizana ndi munthu amene anamulakwira n'kolemera kuposa kuima m'khoti momwe akuluakulu amalankhulana okhaokha iye ali duu. Kubweza kukhale kolembedwa, ndalama zingati pa tsiku liti, kugawidwa molingana ndi mmene banjalo limapezera. Amene amadalira malipiro a ku esiteti muwaikire masiku oyandikana ndi tsiku lolandira. Amene amadalira nandolo kapena nanazi muwaikire nyengo yokolola. Mukaumirira zonse tsiku limodzi, agulitsa mbuzi kapena kukatenga katapila, ndipo njala imene inamutuma mwanayo idzakula.

Taganizaninso za njira inayo. Mlandu ukazengedwa, inu mudzatseka golosale kangapo kupita kukachitira umboni, ndipo shuga wanu sabwerera. Mwana wogona m'chitokosi pamodzi ndi mbava zokhwima amatuluka atadziwa kuthyola loko ndi kumene amagulitsa katundu wakuba. Adzabwerera ku Luchenza komweko, pafupi ndi golosale yanu.

FUNSO: Ndine mwinimbumba. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 13, anagwidwa ndi anzake akutola makadamiya m'munda wa esiteti. Atiuza kuti tikakhale pansi ndi ofisala tipange dongosolo lomukonzera khalidwe, ndipo ine ndisayine ngati womuyang'anira. Kodi m'dongosolomo muyenera kukhala chiyani kuti lisakhale pepala chabe? (Malume a kwa Bvumbwe, Thyolo)

YANKHO: Funso lanu ndi limene tikanakonda aliyense atafunsa asanasayine. Madongosolo ambiri amafa chifukwa amalembedwa ndi mawu abwino osagwirika: mwana asinthe khalidwe, azimvera makolo, asiye magulu oipa. Mawu oterewa palibe angawayeze. Patatha mwezi, inu mudzati wasintha, mayi ake adzati sanasinthe, ofisala adzasowa cholemba.

Choyamba onani zaka. Mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu konse. Wa zaka 10 kufika 13 lamulo limamuona ngati wosazindikira, pokhapokha boma litasonyeza kuti ankadziwa kuti chimene akuchitacho n'cholakwa. Wanuyo ali m'gulu limeneli, choncho funsani ngati mfundoyi yaunikidwa.

Kenako funafunani chimene chinamutuma. Ana atatu angagwidwe m'munda umodzi pa zifukwa zitatu zosiyana. Wina kunyumba kulibe chakudya. Wina akufuna ndalama ya vidiyo, ya juga kapena ya kachasu. Wina watumwa ndi wamkulu amene amagula mtedzawo mobisa, ndipo wamkulu ameneyo ndiye woyenera kunenezedwa ku polisi. Mankhwala a atatuwa sangafanane. Wanjala mukamupatsa uphungu wokha adzabwerera kumunda. Wa juga mukamupatsa chakudya chokha adzagulitsa ufa. Musamufunse mokalipa kuti anaberanji. Mufunseni kuti tsikulo linayamba bwanji, anadya chiyani, anakumana ndi yani, ndalama akanagulira chiyani.

Chachitatu, lembani tsiku la mwanayo ola ndi ola, kuyambira podzuka mpaka pogona, muone pamene pali mpata. M'midzi yozungulira maesiteti mpata umadziwika: nyengo ya mvula tiyi akachuluka, makolo amalawirira m'bandakucha kukathyola ndipo amabwera atatopa, mwana ali yekha kuyambira poweruka kusukulu mpaka madzulo. Maola amenewo ndiwo afunika kudzazidwa, ndipo pa ola lililonse palembedwe dzina la munthu wamkulu amene akudziwa kumene mwanayo ali. Mwachitsanzo: akaweruka azifikira kwa agogo ake kudya, Lolemba ndi Lachinayi masana azipita kwa mlangizi woteteza ana wa m'deralo, Lachitatu ku mpira wa timu yoyang'aniridwa ndi munthu wamkulu wodziwika, dzuwa likamalowa akhale ali pakhomo.

Zolinga zikhale zochepa, zitatu kapena zinayi, chilichonse chokhala ndi muyezo. Kupita kusukulu masiku onse asanu, mphunzitsi azisayina kakope kakang'ono Lachisanu lililonse. Kusaponda m'munda wa esiteti kapena pa malo ogulitsira mowa amene mwawatchula mayina. Kupepesa, pakamwa kapena polemba, pofika tsiku lakuti. Ntchito yothandiza m'dera ngati ilipo, maola awiri kapena atatu Loweruka, monga kusesa pa chipatala chaching'ono kapena kuthirira mitengo ya pa nazale ya m'mudzi. Ntchitoyo isadye nthawi ya sukulu, isakhale yoopsa, ndipo isakhale yomuchititsa manyazi pagulu. Kumulimitsa m'munda wa mfumu kapena wa munthu wina aliyense si kukonza khalidwe, ndi kumugwiritsa ganyu yaulere.

Muikemonso chinthu chimodzi chimene mwanayo amachikonda kapena amachitha. Ngati amakonda kukonza njinga, pemphani mmisiri wa pa Bvumbwe amulole kukhala naye maola angapo pa sabata. Dongosolo lodzaza ndi zoletsa zokhazokha mwana amalipirira sabata ziwiri basi.

Akuluakulu nawonso alembedwe zochita zawo. Ndani agule makope ndi yunifolomu? Ndani apereke ya transipoti pa tsiku lokaonekera ku ofesi? Ngati mumakhala mudzi wina, monga amakhalira amalume ambiri amene anakakwatira kwina, nenani poyera kuti simungamuone tsiku ndi tsiku, pasankhidwe wina wa pakhomopo, inu muzibwera pa sabata kamodzi. Kusayina chifukwa cha ulemu wa umwinimbumba pamene mwana simumuona ndiko kumapha madongosolo ambiri kuno. Bambo womupeza, ngati alipo, asasiyidwe kunja. Kawirikawiri iye ndiye amakhala ndi mwanayo usiku, ndipo ngati pakati pawo pali chidani, dongosolo liyenera kuchikhudza.

Pomaliza ikani masiku obwereza kuunika. Dongosolo la miyezi itatu liunikidwe pakatha sabata ziwiri zoyamba, kenako mwezi ndi mwezi. Sabata zoyamba mwana amayenda bwino chifukwa mantha a ku polisi akadali m'mutu. Mayeso enieni amabwera mwezi wachiwiri, mantha atatha, anzake ayambanso kumuimbira likhweru kuseri kwa nyumba. Nthawi imeneyo ndiyo akuluakulu ambiri amakhala atatayirira. Sungani kope la dongosololo kunyumba, ndipo mwanayo alifotokoze ndi mawu ake asanasayine. Akalephera kulifotokoza ndiye kuti sanalimve.

FUNSO: Mchimwene wanga ali ndi zaka 17 koma ndi wamtali ndipo ali ndi ndevu. Amulemba kuti ali ndi zaka 20, ndipo ali m'selo ya akuluakulu. Mapepala athu anapita ndi madzi nthawi ya namondwe wa Freddy. Titani? (Mtsikana wa ku Chitakale)

YANKHO: Chitanipo kanthu lero lomwe. Kuyambira chaka cha 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mwana sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu. Thupi ndi ndevu si umboni wa zaka.

Mapepala a kunyumba akatayika, zolembedwa zimatsala kwina. Pitani ku sukulu ya pulayimale imene anayambira, mupemphe kalata yochokera m'kaundula wolembera ana. Pitani ku tchalitchi ngati anabatizidwa. Ngati analembetsa chiphaso cha unzika atakwana zaka 16, ofesi ya kalembera pa boma ili ndi tsiku lake lobadwa. Kalata ya amfumu imathandiza ikaphatikizidwa ndi china mwa izi. Zonse zikakanika, khoti lingalamule kuti dokotala amuyeze n'kupereka chiyerekezo. Perekani zimenezi kwa mkulu wa polisiyo ndi kwa ofisala wa probation, ndipo tsiku loonekera ku khoti imikani dzanja muuze majisitireti kuti zaka zalembedwa molakwika. A Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa loya, ndi maparalegal (alangizi a zamalamulo) a bungwe la PASI, lothandiza anthu amene ali pa milandu, amathandiza nkhani zotere. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

FUNSO: Ndine nyakwawa. Milandu ya ana ndimaiweruza pabwalo, wolakwa amalipa nkhuku kapena amakwapulidwa ndi makolo ake pamaso pa anthu. Posachedwa mnyamata wa zaka 16 anagwirira kamtsikana ka zaka 9, ndipo mabanja awiriwa akufuna ndiwagwirizanitse ndi mbuzi. Kodi kumeneku si kupatutsa komwe mukunenaku? (Nyakwawa ya kwa Mabuka, Mulanje)

YANKHO: Mfumu, zikomo pofunsa musanagamule. Ayi, nkhani imeneyi si ya pabwalo, ndipo ngakhale apolisi sangaipatutse. Kamtsikanako kapite kuchipatala msanga. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo ngakhale nthawiyo itadutsa kayenera kupimidwa ndi kulandira uphungu. Nkhaniyo ikanenedwe ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Mbuzi imatonthoza akuluakulu, mwana wovulazidwayo n'kutsala akukumana ndi womuvulaza pa chitsime tsiku ndi tsiku. Mnyamatayo naye ndi mwana pa lamulo, ndipo nkhani yake idzamvedwa ku khoti la ana, kumene anthu wamba saloledwa kudzaonerera.

Pa milandu ing'onoing'ono, monga kuba chinangwa, ndewu ya ku mpira kapena kuswa zenera, bwalo lanu lili ndi ntchito yaikulu, ndipo ofisala wanzeru amakufunsani asanayambe n'komwe. Koma chikwapu chisiyeni. Malamulo aakulu a dziko amaletsa chilango chomenya m'zigamulo za boma, ndipo mwana wokwapulidwa pagulu amatuluka pabwalo ndi dzina la wakuba limene mudzi sudzaliiwala. Amene mudzi wamutaya amalandiridwa ndi gulu la oipa. Nkhani za ana muzizimvera pa anthu ochepa: mwanayo, makolo, wolakwiridwa, inu ndi nduna imodzi kapena ziwiri, ndi mlangizi woteteza ana.

FUNSO: Kusukulu kwathu kwabwerera mnyamata amene anagwidwa ndi chamba. Makolo ena akuti tisamulandire. (Mphunzitsi, Thyolo)

YANKHO: Mulandireni, aphunzitsi. Kupita kusukulu ndi gawo la zimene walamulidwa, ndipo mukamubweza ndinu mukumulepheretsa. Nkhani yake aidziwe mphunzitsi wamkulu ndi mphunzitsi mmodzi womuyang'anira, osati kulengezedwa pa asembule. Chikasowa chinthu m'kalasi musayambe kusecha iye. Ngati anajomba nthawi yaitali, muyeseni kuwerenga ndi masamu muone pamene ali, chifukwa ambiri amathawa sukulu pobisa kuti sakutha kuwerenga. Funsaninso ngati ankangosuta kapena ankagulitsira munthu wina, komanso ngati akuvutika kusiya; wotere afunika kuonana ndi achipatala oona za maganizo pa chipatala cha boma.

FUNSO: Mdzukulu wanga anapatutsidwa miyezi iwiri yapitayo, koma wajomba kawiri kukaonekera ku ofesi ndipo wayambanso kubwera usiku. Ndikuopa kukanena, angamutengere ku ndende ya Bvumbwe. (Gogo wa ku Thunga)

YANKHO: Agogo, kanenani, ndipo mupite naye. Mwana akalephera kutsata dongosolo, choyamba n'kufufuza chifukwa. Majisitireti angathe kumubwezera pa dongosolo lomwelo, kulisintha, kapena kulamula kuti mlandu uzengedwe. Banja limene labwera lokha kudzanena limamvedwa mosiyana ndi limene labisa mpaka mwana wagwidwanso pa mlandu wina.

Musanapite, fufuzani chimene chinamujombetsa. Nthawi zambiri ndi ndalama ya kabaza kapena ya minibasi. Ngati n'choncho pemphani kuti azikaonekera kwa mlangizi woteteza ana wa kwanuko, ku boma azipita mwezi kamodzi. Ngati ndi anzake akale, tchulani mayina awo kwa ofisala ndi malo amene amakumana. Ngati mphamvu zanu zachepa moti simungalimbane naye, nenaninso, pafunidwe wachibale wina wothandizana nanu.

Za Bvumbwe, kumeneko ndi kwa a ndende, kosungira achinyamata olakwa, ndipo lamulo la 2010 limati mwana asatsekeredwe kundende. Khoti la ana likapeza kuti mwana ali ndi mlandu ndipo sangakonzeke ali kwawo, limamutumiza ku malo osinthira ana khalidwe monga Mpemba ku Blantyre kapena Chilwa ku Zomba, ndipo zimenezi zimachitika njira zina zonse zitalephera. Kujomba kawiri sikunafike pamenepo. Tengani kope la dongosolo lija, kakope kosayina aphunzitsi ngati kalipo, mupite tsiku lake lokaonekera lisanakwane.